Kuphunzira ntchito yokonza ski ndi snowboard

Kumapiri kumene kumagwa chipale chofewa, monga ku Alps ku Ulaya, ku Canada kapena ku New Zealand, shopu yobwereketsa ski, timatabwa tiwiri timene munthu amamanga kumapazi potsetsereka pa chipale, imakhala ndi kachipinda kumbuyo kapena kunsi komwe kumanunkha phula lotentha. M'kachipinda kameneko ndi mmene mumagwira ntchito amisiri okonza ski ndi snowboard, thabwa limodzi lotakata limene munthu amaimapo ndi mapazi onse awiri. Ku France amawatchula kuti skiman, ndipo kumayiko olankhula Chingerezi amangoti ski tech. Kummwera kwa Africa ntchitoyi ndi yochepa koma ilipo: ku Afriski, m'mapiri a Maloti ku Lesotho, anthu amatsetsereka kuyambira June mpaka August. Amene ali ku Britain ili pafupi nawo, chifukwa ku Scotland kuli Cairngorm, Glenshee ndi Glencoe, komanso ku Manchester ndi ku Hemel Hempstead kuli mitsetse ya m'nyumba yotsegula chaka chonse.

Polowera pake sipafuna digiri. Ambiri amayambira pa kauntala, kuyesa anthu jombo ndi kupereka ski, kenako mmisiri wamkulu akaona kuti munthuyu ali ndi manja abwino amamuitanira mkati. Kumpoto kwa dziko lapansi nyengo yotsetsereka imayamba cha mu December n'kutha cha mu April, pomwe ku New Zealand ndi ku Australia imayamba mu June. Mashopu amalemba antchito kudakali miyezi ingapo, choncho funsirani msanga, ndipo chilolezo chogwirira ntchito m'dzikolo chikhale m'manja musanakwere ndege.

Dziwani chimene mwagwira

Ski ndi zigawo zingapo zomatidwa pamodzi ndi guluu wa epoxy. Pakati pali thabwa, pamwamba ndi pansi pa thabwalo pali fibreglass, ndipo ski zina zolimba zili ndi kachitsulo kopyapyala ka aluminiyamu kotchedwa Titanal. Kunsi, kumene kumakhudza chipale, kuli pulasitiki yotchedwa P-tex, yongopitirira pang'ono milimita 1 kuchindikala kwake. M'mbali zonse ziwiri mwadutsa chitsulo cholimba, pafupifupi mamilimita 2 m'lifupi, chimene chimaluma chipale munthu akamakhota. Snowboard nayo imapangidwa chimodzimodzi, kungoti ndi yotakata.

Manambala awiriwa muwasunge pamtima. P-tex ndi chitsulo cha m'mphepete n'zochepa kwambiri, ndipo chimene mwapala sichimeranso. Wophunzira amafuna ski ituluke yonyezimira ngati yatsopano, ndiye amapala mopitirira. Mmisiri weniweni amachotsa zochepa zokhazo zimene ntchitoyo ikufuna.

Ski ikafika, iyendereni mwiniwake akadali pomwepo. Onani ngati yapindika, ngati zigawo zayamba kumatuka kunsonga kapena kumchira, ngati chitsulo chathyoka penapake, ndiponso kuti mabala a kunsi ndi akuya bwanji. Zonse lembani pa tikiti. Bala limene simunalembe, mawa adzati mwaika ndinu. Kenako kokani mabuleki a binding, chida chimene chimagwira jombo pa ski, n'kuwamanga ndi mphira, manani ski pa vaisi kunsi kwake kuli m'mwamba, ndipo ikani kachitsulo kowongoka kotchedwa true bar mopingasa, kuwala kuli kumbuyo kwake. Kuwala kukatulukira pakati, ndiye kuti zitsulo zatalika kuposa P-tex, ndipo ski yotere imakakamira, imakana kukhota. Kukatulukira m'mbali, pakati ndi potukuka, ndipo ski imayenda ngati sopo, osagwira.

Ski yochokera kunja isiyeni ifunde ndi kuuma kaye. Pa yozizira kapena yonyowa palibe chimene chimamata.

Mabala a kunsi

Tsukani kunsi ndi burashi ya mkuwa, kuchokera kunsonga kupita kumchira, kenako pukutani pa balalo ndi mankhwala ochotsa phula. Timikwingwirima tosaya tisiyeni, makina ndi phula zidzatibisa. Bala lozama, loti chikhadabo chikukodwamo, ndi limene mudzaze. Dulani kaye tizidutswa tolendewera ndi mpeni wakuthwa.

Njira imene aliyense amayambira ndi kandulo ya P-tex. Iyatseni, muigwire pafupi kwambiri ndi chopalira chachitsulo, mukuitembenuza, mpaka lawi lichepe n'kukhala labuluu. Lawi lachikasu limatulutsa mwaye, ndipo mwaye ukalowa m'balamo chigamba sichigwira, chimadzagwa pa tsiku loyamba. Madontho akuda agwere pa chopaliracho, oyera okha agwere m'bala, kandulo ili pafupi ndithu ndi ski. Dzazani mosefukira pang'ono chifukwa P-tex imanyala ikamazizira. Bala lakuya mulidzaze kawiri, mukudikira pakati. Pakatha mphindi 15 palani ndi chopalira chachitsulo chakuthwa, pang'onopang'ono, mpaka pafanane. Mashopu akuluakulu ali ndi kamakina kogwira m'manja kamene kamasungunula P-tex n'kuikanikizira m'bala, ndipo chigamba chake chimakhalitsa kuposa cha kandulo.

Mwala ukang'amba P-tex yonse mpaka fibreglass kapena thabwa kuonekera, amati core shot. Apa kandulo yokha n'kutaya nthawi, pakuti P-tex simata pa chitsulo kapena pa fibreglass. Umitsani ski usiku wonse, kandani pansi pa balalo ndi sandipepala, sungunuliranimo kaye kagawo kopyapyala ka metal grip, kamene kamagwira chitsulo ndi pulasitiki yomwe, kenako P-tex pamwamba pake. Bala likakhala lalikulu, dulani mozungulira mwaudongo ndi kumatapo chigamba cha P-tex ndi epoxy. Epoxy yake ikhale ya maola 24. Ya mphindi 5 ija imauma gwa, ndipo ski ikamapindika pozizira imasweka. Panani ndi zitsulo zafulati mbali zonse ziwiri, mutaika kapulasitiki pakati kuti zitsulozo zisamatirire. Pomata zigawo zomatuka kunsonga njira ndi yomweyi, koma onetsetsani kuti mkatimo mwaumiratu. Thabwa lonyowa likatsekeredwa limawola.

Makina operera mudzawakhudza pakapita nthawi, mmisiri wamkulu ataimirira pambali panu. Odziwika ndi a Wintersteiger a ku Austria, Montana a ku Switzerland ndi Reichmann a ku Germany. Lamba wa sandipepala amachotsa zambiri msanga, mwala umasalaza ndi kusiya timizere tating'ono kunsi. Timizereti tili ndi ntchito: timatulutsa madzi amene amapangika pakati pa ski ndi chipale. Chipale chozizira chouma chimafuna timizere tosalala, chonyowa chimafuna tokulirapo. Werengani kuti mwadutsitsa kangati, ndipo yang'anani kunsi nthawi iliyonse. Pa snowboard musalimbane ndi true bar kuti payalane ndendende. Ambiri sakhala afulati kwenikweni, ndipo ena, monga a Bataleon, anawapanga dala m'mbali motukuka. Mukalimbikira mudzaboola P-tex.

Kunola zitsulo

Chitsulo cha m'mphepete chili ndi nkhope ziwiri, ya kunsi ndi ya m'mbali, ndipo iliyonse ili ndi kupendekeka kwake. Ya kunsi imapendekeka digiri 1 kwa anthu wamba, ndipo ampikisano ena amafuna 0.5. Ya m'mbali imakhala madigiri 89 kapena 88, ampikisano amafika 87. Osayerekeza kunola ndi maso okha. Tupa amamangidwa pa kachitsulo kolondolera kamene kalembedwa digiri yake.

Yambani ndi mwala wa dayamondi wonyowetsa, kudutsa pamene mwala wa paphiri unagunda. Malo amenewo chitsulo chimauma kwambiri, tupa amangotererapo ndi kulira, mano ake n'kutha. Dzimbiri chotsani ndi kamwala kofewa kotchedwa gummy. Mukatero detsani chitsulo chonse ndi cholembera chakuda. Inkiyo ndiye mphunzitsi wanu: ikachoka yonse mofanana, ngodya yakwana, lekani. Ikachoka mbali imodzi yokha, ngodya ya tupa yasiyana ndi imene inalipo kale.

Nkhope ya kunsi imayamba, ndipo muikhudze pang'ono zedi. Mukaipendeketsa mopitirira simungaibwezere, pokhapokha mutaperanso kunsi konse. Pa nkhope ya m'mbali, pulasitiki ya pamwamba pa chitsulo imatchinga tupa, ndiye muisende kaye pang'ono ndi kachida kake. Mukaona tupa akudzaza pulasitiki m'malo mwa tizitsulo, ndiye kuti simunasende mokwanira. Tupa amadula mbali imodzi yokha. Mukokeni mofatsa, mikoko ifupiifupi yolowana, osamukanikiza, ndipo pakatha mikoko ingapo chotsani zotsalira m'mano mwake. Malizani ndi miyala ya dayamondi, kuyambira wokhakhala mpaka wosalala, 200, 400, kenako 600, pa kachitsulo kolondolera komweko.

Chimene ambiri amaiwala ndi ichi. Kunola m'mbali kumasiya kalilime ka chitsulo kopyapyala kolendewera kunsi, kosaoneka ndi maso koma komveka ndi chala. Kakatsala, ski imakodwa mwadzidzidzi, mwiniwake n'kubwera atakwiya kuti mwamuonongera. Gonekani mwala wosalala pa nkhope ya kunsi n'kudutsa mopepuka kamodzi kapena kawiri. Poyesa kuthwa, dutsitsani msana wa chikhadabo mopingasa chitsulo: chikasenda kaufa koyera, chathwa. Kunsonga ndi kumchira, kumene sikukhudza chipale, bunthitsani pang'ono ndi gummy. Achinyamata otsetsereka pa mapaipi achitsulo amafuna zobuntha kwambiri, choncho funsani musananole.

Phula

Iyi ndi ntchito yoyamba imene adzakupatsani, ngakhale kuti pa ski imabwera pomaliza. Phula limasankhidwa potengera kuzizira kwa chipale. Makampani ambiri lachikasu ndi la chipale chonyowa, lofiira la pakatikati, labuluu la chozizira kwambiri, ndipo ski zobwereketsa zimangopakidwa la nyengo zonse. Kutentha kwa simbi kwalembedwa pa paketi, kawirikawiri pakati pa madigiri 120 ndi 140 a Celsius. Simbi ikafuka utsi yatenthetsa. Simbi yositira zovala siyenera, kutentha kwake kumakwera ndi kutsika mosadalirika.

P-tex imasungunuka pa madigiri pafupifupi 135, kutanthauza kuti simbi yanu ili pa malire penipeni. N'chifukwa chake siyenera kuima ngakhale kamphindi. Donthezani phula m'litali mwa ski, kenako yendetsani simbi kuchokera kunsonga kupita kumchira, m'mbuyo mwake mukutsala kamzere konyowa ka masentimita ochepa. Katatu n'kokwanira. Gwirani kuseri kwa ski chakunsonga: kukhale kofunda chabe. Kukatentha, mwayamba kufewetsa guluu wa mkati. Pamene papsa pamawala mwachilendo ndipo sipamwanso phula mpaka pataperedwa.

Siyani ski izizire m'nyumba kwa mphindi zosachepera 30, osati panja. Palani ndi chopalira chapulasitiki chakuthwa mpaka phula lileke kutuluka, chotsaninso la pa zitsulo, kenako burashi ya nayiloni ndi ya ubweya wa hatchi kuti timizere tija titseguke. Wophunzira amamva chisoni kupala phula lonse limene wangopaka, koma limene limagwira ntchito ndi lolowa mkati. Lotsala pamwamba limangochedwetsa.

Pa snowboard masulani kaye masikuluwu a binding. Akakhala omangika amakoka timabowo ta mkati, ndipo kutentha kukafika kunsi kumatsala timaenje. Dziwaninso kuti bungwe la FIS, loyang'anira mipikisano ya ski padziko lonse, linaletsa phula lokhala ndi mankhwala a fluor pa mipikisano yake kuyambira nyengo ya 2023/24, ndipo ski zimayesedwa. Burashi kapena simbi imene inakhudzapo phula lotere isakhudze ski ya mwana wampikisano, angamuchotse pa mpikisano chifukwa cha zida zanu.

Binding: pano pali mwendo wa munthu

Mukalakwitsa phula munthu amangochedwa. Mukalakwitsa binding amathyoka fupa la mwendo. Binding ya ski inapangidwa kuti igwire jombo munthu akamatsetsereka, koma imasule akagwa, mphamvu isanafike pothyola fupa. Ikalimba kwambiri simasula. Ikafewa kwambiri imamutaya ali pa liwiro, ndipo nakonso n'kuvulala.

Kachitidwe kake kali mu muyezo wa ISO 11088, ndipo makampani monga Salomon, Marker, Look ndi Tyrolia ali ndi mabuku awo a amisiri komanso mayeso amene mumalemba kudzera ku shopu yanu. Satifiketi ya mayesowa imatha, imafuna kukonzanso, ndipo ndi imene olemba ntchito amayamba kufunsa. Makampaniwa amatulutsanso mndandanda wa mabinding amene akuwavomerezabe. Yakale imene yachoka pa mndandanda musaikhudze, ngakhale mwiniwake achonderere bwanji. Pulasitiki ndi masipuling'i zimakalamba mosaoneka.

Nambala ya pa binding, imene anthu amangoti DIN, imachokera pa zinthu zisanu: kulemera kwa munthu, kutalika kwake, zaka zake, kutalika kwa pansi pa jombo, ndi mtundu wa katsetserekedwe kake. Kutalika kwa jombo si saizi ya phazi ayi, ndi nambala ya mamilimita yodindidwa m'mbali mwa chidendene, monga 305 kapena 317. Pa tchati cha m'mabuku a amisiri aja, pezani mzere wa kulemera ndi wa kutalika. Ikasiyana, tengani umene uli chakumtunda, wopereka nambala yochepa. Mtundu amasankha yekha kasitomala, inu musamusankhire: 1 ndi wofatsa, 2 wapakati, 3 waliwiro pa mitsetse yovuta. Wa 1 khalani pa mzere womwewo, wa 2 tsikani mzere umodzi, wa 3 tsikani iwiri. Ngati ali ndi zaka 9 kapena kucheperapo, kapena 50 kupita m'tsogolo, kweraninso mzere umodzi. Kenako yendani chopingasa mpaka pa kutalika kwa jombo. Mudzaona kuti jombo yaitali imalandira nambala yochepa, chifukwa chogwirira chachitali chimapotokola mosavuta, monga sipanala yaitali imasulira nati.

Nambala yokha sikwanira. Lowetsani jombo n'kuona chizindikiro cha kumbuyo chosonyeza mmene chidendene chikukankhira jombo kutsogolo. Mtundu uliwonse wa binding uli ndi chizindikiro chake, ena kasikuluwu kofanana ndi khoma, ena kamzere pa kawindo. Pa mabinding amene kutsogolo kumakwezedwa ndi dzanja, pakati pa jombo ndi kambale koterera pazilowa kakhadi ka theka la milimita, kakutuluka mokakamira pang'ono. Tembenuzani jomboyo muione pansi. Yodyeka chifukwa choyenda pa tala simasuka bwino. Onaninso mtundu wake: pali za ISO 5355 zafulati, za GripWalk zokhala ndi mphira pansi, ndi za ISO 9523 zokwerera mapiri, ndipo si binding iliyonse imalandira zonsezi.

Pomaliza yesani ndi makina oyezera mphamvu, kupotokola kutsogolo mbali zonse ziwiri ndi kukoka chidendene m'mwamba, n'kuyerekeza zotsatira ndi tchati. Nambala ya pa kawindo imangonena zimene sipuling'i inayenera kuchita, makina ndi amene amanena zimene ikuchitadi. Lembani zonse pa fomu, musayine, kasitomala asayinenso. Wina akabwera kuti binding ikumangomutaya, musathamangire kukweza nambala. Kawirikawiri vuto limakhala kukankha kwa chidendene, jombo yodyeka, kapena chipale chomatirira pansi pa jombo.

Kuboola ski yatsopano poika binding kumafuna mtima wodekha. Tengani jig, chida cholondolera pobowola, ya mtundu womwewo wa binding, ikanimo jombo, gwirizanitsani kamzere ka pakati pa jombo ndi kamzere ka pa ski, ndipo yezani kuti jig yakhala pakatikati mbali zonse. Onaninso kachiwiri musanagwire chiboolero. Ski zokhala ndi Titanal zimafuna nsonga ya chiboolero ya mamilimita 4.1, zopanda chitsulo 3.5 kapena 3.6, kuzama pafupifupi mamilimita 9. Za ana n'zopyapyala, zimafuna kuzama kwa mamilimita 7 ndi masikuluwu afupiafupi, apo ayi kunsi kumatuluka zotupa. Ski zambiri zinalembedwa saizi yake pamwamba. Gugudani utuchi utuluke, dulani mazinga pa za chitsulo, donthezani guluu wosalowa madzi m'bowo lililonse, ndipo mangani ndi chomangira masikuluwu cha Pozidriv 3, kumalizitsa ndi dzanja kuti mumve pamene sikuluwu yagwira. Yang'anani m'mbali: pakati pa binding ndi ski pasaoneke kuwala. Sikuluwu ikamangozungulira osagwira, bowolo laonongeka, ikanimo insert, kachida kolowetsa m'bowo kuti sikuluwu igwirenso, osangothiramo guluu n'kupemphera. Mabowo akale atsekeni ndi timapulagi, ndipo atsopano atalikirane nawo pafupifupi sentimita 1.

Binding ya snowboard simasula munthu akagwa, ndiye ilibe tchati. Imamangidwa ndi masikuluwu a M6 pa mabowo okonzeratu, a 4x4 kapena 2x4, kapena pa ngalande ya Burton yotchedwa Channel. Funsani phazi limene limatsogola: lamanzere amati regular, lamanja goofy. Kambale kozungulira kamasuntha madigiri 3 pa dzino lililonse, ndipo wongoyamba ambiri amamuikira 15 kutsogolo ndi 0 kapena pang'ono chobwerera kumbuyo. Jombo ikhale pakati, zala ndi chidendene zituluke mofanana. Mankhwala amadzi omangira mazinga asakhudze pulasitiki ya binding, amaing'alula. Gwiritsani masikuluwu obwera ndi kamankhwala kabuluu kouma kale.

Thupi lanu ndi nthawi ya ntchito

Utsi wa phula ndi wa P-tex si wopuma tsiku ndi tsiku. Fani yotulutsa mpweya iyake, ndipo valani chophimba mphuno chokhala ndi zosefera, osati kansalu. Magalasi pa makina, magolovesi ponola, manja a malaya opinda. Chitsulo chimene mwangonola chimacheka ngati lumo, ndipo dontho la P-tex loyaka limamatirira pakhungu n'kumapitiriza kuwotcha.

Ntchito imachuluka madzulo, anthu akatsika kuphiri, ndipo ski zonse amazifuna m'mawa zonyamulira anthu kupita pamwamba pa phiri zisanayambe kuyenda. Ku Alps Loweruka ndi tsiku losinthana alendo, mazana a ski amabwerera ndi kutulukanso tsiku lomwelo. Mudzaima nthawi yaitali, choncho nsapato zikhale zabwino.

Pophunzira, pemphani ski zotayidwa zimene shopu iliyonse imakhala nazo pakona. Zikandeni dala ndi chisulo, muzidzaze, muzipale, muziboole, mudule imodzi ndi sowo kuti muone zigawo zija ndi maso anu. Sungani kabuku kolembamo ski iliyonse imene mwakonza, ngodya zake, ndi zimene mwiniwake ananena atabwerako. Nyengo ikamatha, ski zonse zobwereketsa zimanoledwa, zimapakidwa phula lochindikala lophimba ndi zitsulo zomwe, osapala, kuti dzimbiri lisalowe, n'kuimikidwa pouma, kutali ndi dzuwa. Masabata amenewo shopu imakhala phee, ndipo ndi nthawi yabwino yopempha kuti akuphunzitseni kusula mwala wa makina ndi kusintha madzi ake.